Ndikaseka ndiye kuti ndamuiwala mwana wanga?

Funso

Ndine mayi wa zaka 36, ndimakhala kufupi ndi Muloza ndipo ndimathyola tiyi. Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 anapita ndi madzi a Freddy. Usiku umenewo anagona kwa agogo ake kumunsi, kufupi ndi mtsinje, ndipo amene ndinamutuma kumeneko ndine. Agogowo anapulumuka, koma iye sitinamupeze mpaka lero. Mvula ikayamba kugunda pa malata sindigona, mtima umathamanga. Njira ya kumtsinje ndinasiya kudutsako. Bambo a kunyumba anangokhala ngati osayankhula, akaweruka amalunjika ku kachasu. Anthu akuti papita nthawi, ndilimbe mtima poti ndili ndi ana ena awiri. Mwezi wathawu ndinapita ku chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga, ndinavina mpaka kuseka. Nditafika kunyumba ndinalira usiku wonse, ndimaona ngati ndamutaya kachiwiri. Nthawi zina ndimalakalaka nditangomutsatira. Anamwino ena anandiuza kuti ndikaonane ndi aphungu. Kodi ndayamba misala? Nanga kuyankhula kungathandize chiyani poti sikungamubweze?

Yankho

Mayi, pepani. Pepani kwambiri ndi zimene zinakuonekerani. Misala simunayambe, ndipo ndanena zimenezi koyambirira kuno kuti zotsalazi muwerenge mtima uli m'malo. Munthu amene akudzuka m'mamawa kukathyola tiyi, kuphikira ana awiri, n'kukhala pansi kulemba kalata yolongosoka chonchi, mutu wake ukuyenda bwino. Chimene chavulala ndi mtima.

Koma ndiyambe ndi mawu amene mwawaika pakati pa kalata ngati ongodutsa, aja oti mumalakalaka mutangomutsatira. Makolo ambiri amene anataya mwana amamva choncho, ndipo nthawi zambiri ndi kulakalaka kumuona, osati kufuna kufa kwenikweni. Komabe sindingawalumphe. Dzifunseni moona mtima: kodi maganizo amenewa amangobwera n'kupita, kapena mwayamba kuganizira njira yake ndi tsiku lake? Ngati mwafika poganizira njira, musadikire kuti mumalize kuwerenga yankho lino. Uzani munthu mmodzi lero lomwe, kaya achemwali anu aja, ndipo mupite naye kuchipatala chimene muli nacho pafupi. Mukhozanso kuimba 929, nambala ya Chipatala cha pa Foni. Ngati m'nyumba muli tameki kapena mankhwala opopera mbewu, perekani kwa anansi akusungireni. Maganizo odzipha amakwera ngati mtsinje wosefukira, kenako amaphwera, ndipo chimene chimapulumutsa anthu ambiri n'choti pa ola loipalo palibe chinthu chapafupi choti agwire. Ngakhale zitakhala kuti amangobwera n'kupita, mukakakumana ndi aphungu muwauze mawu amenewa momwe mwandiuzira ine. Sadzadabwa nanu, ndipo sadzakudzudzulani.

Tsopano tikambe za chimene chikuchititsa kuti chilonda chanu chisapole msanga ngati mmene anthu akufunira. Anthu akamati papita nthawi, amawerenga miyezi ngati kuti maliro anu anali ngati maliro ena onse. Sanali. Taganizirani zimene timachita munthu akamwalira pamudzi. Uthenga umapita kwa amfumu. Anthu amabwera kudzagona pa siwa, amayi m'nyumba, abambo panja pa moto. Adzukulu amalawirira kukakumba manda. Timaona nkhope, timaponya dothi, timameta, pakapita nthawi timamanga chiliza. Ambirife timaona ngati ndi mwambo chabe, koma ine pa ntchito yangayi ndinafika pomvetsa kuti chilichonse mwa zimenezi chimagwira ntchito mumtima mwa wofedwa. Maso amaona, manja amagwira dothi, ndiye mtima umayamba kuvomereza pang'onopang'ono chimene mutu unamva kale. Inu zonsezi madzi anakulandani pamodzi ndi mwanayo. Pamene namondwe wa Freddy anawomba m'mwezi wa Malichi 2023, boma linalengeza kuti anthu oposa 600 amwalira ndipo ena oposa 500 asowa. Dziko linakhala pa masiku 14 olira, kenako mbendera zinakwezedwanso. Mabanja a osowawo anatsala ndi maliro opanda manda. Akuluakulu a kuno amakumbukira kuti zinachitikanso mu Malichi 1991, Napolo atatsika phiri la Michesi ku Phalombe, nthawi imeneyo kudakali mbali ya boma la Mulanje.

Katswiri wina wa ku America, Pauline Boss, anathera zaka zambiri akuphunzira za mabanja amene wachibale wawo anasowa, kuyambira ndi akazi a asilikali amene sanabwereko ku nkhondo ya ku Vietnam. Iye anaona kuti kutaya munthu mwa njira imeneyi kumaumitsa chisoni pamalo amodzi, chifukwa mtima sudziwa ngati ulire kapena udikire. Sindikudziwa ngati zimakuchitikirani, koma amayi ambiri amene ndakhala nawo pansi amandiuza kuti akaona kamtsikana kovala yunifolomu pa msika wa Limbuli, miyendo imaima yokha. Mutu ukudziwa kuti si iyeyo, koma maso akufufuzabe. Amenewo si misala. Ndi chikondi chimene sichinapatsidwe pokagwada.

Ndiye chinthu choyamba chimene ndingakupempheni kuti muganizire, mosathamanga, ndi mwambo wotsanzikana naye ngakhale thupi palibe. Mitundu ina ya kum'mawa kwa Africa kuno imaika m'manda thunthu la nthochi munthu akasowa m'madzi. Sindikuti muchite zomwezo. Khalani pansi ndi eni mbumba, agogo aja, amfumu ndi akumpingo, muone chimene chikugwirizana ndi kwanu komanso chikhulupiriro chanu. Ena amachita mapemphero n'kuika chovala cha mwanayo. Ena amadzala mtengo wa mango kapena mapeyala pakhomo. Chofunika n'choti pakhale malo amene mungapiteko, n'kunena kuti apa ndi pa mwana wanga. Musalole kuti wina akukakamizeni tsiku. Ngati mtima ukukanabe, nenani kuti sindinakonzeke, ndipo limenelo ndi yankho lokwanira.

Za mvula ya pa malata zili ndi chifukwa china. M'kalata mwanu ndikuonamo zinthu zitatu zolukanalukana ngati chingwe: chisoni, mantha, ndi kudziimba mlandu. Mantha ndi amene amagwira thupi. Mu ubongo mwa munthu aliyense muli kachigawo kamene ntchito yake ndi ya ulonda. Munthu akakumana ndi zoopsa zofika pa imfa, mlondayu amasunga chilichonse chimene chinalipo nthawi imeneyo: phokoso la mvula, fungo la matope, mdima, mkokomo wa miyala ikugubuduzika kuchokera kuphiri. Zikatha zoopsazo, kwa anthu ena mlondayu sabwerera mwakale. Amakhala ngati mlonda wa pa esiteti amene akuba anamuvulazapo, tsopano tsamba likangogwa iye waimba kale wezulo. Dontho loyamba likagunda pa malata, thupi lanu limatulutsa mphamvu zothawira, mtima umathamanga, m'manja mumatuluka thukuta, tulo timathawa. Simungaletse zimenezi ndi kulimba mtima, chifukwa zimachitika musanayambe n'kuganiza komwe. Ndipo kuno ku Mulanje, kumene mvula imagwa yambiri kuposa madera ochuluka a dziko lino, ndiponso chiperoni chimabwera ngakhale mu Juni ndi Julayi, mlondayu sapeza mpata wopuma.

Kuleka kudutsa njira ya kumtsinje kumakupatsani mpumulo wa tsiku limenelo, ndipo sindikukuimbani mlandu. Vuto lake n'loti nthawi iliyonse imene mwazungulira, mlonda uja amati, mwaona, tapulumuka chifukwa sitinadutse. Mantha amanenepa ndi kuthawidwa. Apa ndi pamene uphungu umagwira ntchito yooneka ndi maso.

Mwafunsa funso labwino, loti kuyankhula kungathandize chiyani. Kumubweza sikungamubweze, ndipo phungu amene angakulonjezeni kuti ululu udzatheratu akukunamizani. Koma mawu oti uphungu amatisokoneza, chifukwa timaganiza za malangizo a pa chinkhoswe, pamene anankungwi amayankhula, iwe n'kumangowerama. Uphungu wa za maganizo ndi wosiyana. Woyankhula kwambiri ndinu. Phungu wodziwa ntchito yake amayamba wakuphunzitsani kukhazika thupi pansi, monga kupuma mokoka mpweya pang'onopang'ono n'kuutulutsa mochedwa kuposa mmene munaukokera, chifukwa kutulutsa mpweya mochedwa kumachepetsa kuthamanga kwa mtima. Mukazolowera zimenezo, amakuthandizani kufotokoza nkhani ya usiku uja kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, osati kamodzi kokha. Poyamba nkhaniyo imatuluka zidutswazidutswa, ndi misozi, mwina n'kukanika pakati. Mukaibwereza muli pamalo otetezeka, ubongo umayamba kuiika m'gulu la zinthu zimene zinachitika kale, m'malo moti izikugwerani ngati ikuchitika panopa. Kenako mumagwirizana masitepe obwererera kumtsinje kuja: sabata ino kukaima patali pamene madzi akungomveka, muli ndi munthu amene mumamukhulupirira, sabata inayo kuyandikirako, mpaka tsiku lina mudzawoloke. Pamakhalanso nthawi yoyankhula ndi mwanayo, kaya pomulembera kalata kaya pongoyankhula mokweza, kumuuza zimene simunathe kumuuza.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi chimene anthu ambiri amathawira uphungu: masabata oyambirira mukhoza kumva kulemedwa kuposa kale. Chilonda chikamatsukidwa chimawawa. Anthu a kuno mumadziwa kaphikidwe ka kalongonda, kuti sachita kuwiritsa kamphindi n'kuphula. Amafuna nkhuni zambiri, tsiku lathunthu, ndi kutaya madzi mobwerezabwereza, apo ayi amaledzeretsa ngakhale kupha kumene. Amene watopa pakati n'kuphula msanga ndi amene amapwetekeka. Mukayamba, muuzeni phunguyo zikakulemerani kuti achepetse liwiro, koma musangosowa.

Sikuti ndi ulendo wa moyo wonse. Njira ina imene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linakonza kuti izigwiritsidwa ntchito m'madera amene mwagwa mavuto imatenga maulendo 5 okha, kamodzi pa sabata. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa chipatala n'kumacheza ndi anthu ovutika maganizo maulendo 6, ndipo kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti anthuwo amapezadi bwino. Achishona vutoli amalitchula kuti kufungisisa, chimodzimodzi ndi mmene ife timanenera kuti kuganiza kwambiri. Uphungu wolunjika pa chisoni chokhalitsa ngati chanuchi umatalikirapo, kawirikawiri maulendo pafupifupi 16. Ndipo madokotala amachidziwa chisoni choterechi: kuyambira mu 2022, mndandanda wa matenda wa WHO uli ndi dzina la chisoni chimene chapitirira miyezi 6 chikumulepheretsabe munthu kukhala moyo wake, poganiziranso mwambo wa kwawo kwa munthuyo. Ine miyeziyo sindiiwerengera kwambiri. Chimene ndimayang'ana n'choti kodi chisonicho chikuyenda, kapena chaima pamalo amodzi ngati madzi a pachithaphwi.

Kopita kulipo, ngakhale sindikubisirani kuti anthu ophunzira ntchito imeneyi m'dziko muno ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ofuna thandizo. Yambirani kwa anamwino amene anakuuzani aja, muwafunse kuti kwenikweni amanena ndani ndipo amapezeka tsiku liti, kuti musawononge ndalama ya minibasi pachabe. Pa chipatala cha boma ku Mulanje mukafunse anamwino kapena akilinikala a za matenda a maganizo. Zikafunika, iwo amatumiza anthu ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ndikudziwa kuti anthu akangomva za maganizo amaganiza za ku Zomba, n'kuyamba kuopa kuti akawatsekera. Chipatala cha ku Zomba chimagoneka anthu odwala kwambiri amene sangathe kusamalidwa kunyumba. Inu mukapita m'mawa, masana mwabwerera kwa ana anu. Zimene mukanene kumeneko ndi zachinsinsi, ndipo muli ndi ufulu wofunsa za chinsinsicho musanayambe kuyankhula.

Mwina akakupatsani mankhwala, monga amitriptyline kapena fluoxetine. Mankhwala sachotsa chisoni, ndipo sayenera kutero. Amathandiza ngati pamwamba pa chisonicho pabwera matenda okhumudwa, oti munthu sakudya, sakugona, akuonda, ndipo palibe chimene chikumukoma. Amatenga masabata angapo asanayambe kuonetsa mphamvu, ndiye musawataye patatha masiku atatu n'kumati sakugwira, komanso musawasiye mwadzidzidzi osafunsa. Ngati maganizo omutsatira aja alipo, muwauze adokotala asanakulembereni, ndipo mankhwalawo azikusungirani munthu wina. Mapiritsi ogonetsa ogula pa msika musayerekeze.

Tifike tsopano pa mlandu umene mwadzizenga nokha, poti ndikuona kuti muzu wa zonse uli pamenepa. Mwalemba kuti amene ndinamutuma ndine. Ndikufunseni: usiku umenewo usanafike, mwanayo anagonako kangati kwa agogo ake? Ndikukhulupirira kuti simungawerenge. Kuno kwathu, makamaka m'midzi ya chikamwini ngati ya Alomwe, mwana kugona kwa agogo ake si nkhani. Ndi mmene timalerera ana. Munamutuma kwa munthu amene amamukonda, kunyumba imene inaima pamenepo zaka zambiri mvula ikugwa chaka ndi chaka. Mayi amene anamutuma madzulo aja sankadziwa zimene inu mukudziwa lero. Mukumuweruza ndi umboni umene iye analibe. Pabwalo la amfumu mlandu wotere sungaime.

Komabe ndikudziwa kuti mawu angawa sachotsa mlanduwo lero, ndipo ndikuuzeni chifukwa chake. Kudziimba mlandu, ngakhale kumawawa, kumatipatsa kanthu kena kogwira. Ngati ndinalakwa ndine, ndiye kuti zinthu zikanatheka kupeweka, ndiye kuti dziko lili ndi dongosolo. Kuvomereza kuti phiri likhoza kungotsika usiku n'kutenga mwana wosalakwa, popanda amene anachimwa, n'koopsa kuposa kudzida. N'chifukwa chakenso m'midzi yambiri imfa yotere ikachitika anthu amayamba kusakasaka mfiti, ndipo chala chimakonda kuloza nkhalamba imene yapulumuka. Simunanene kuti zili choncho kwanu, koma ngati wina wayamba kunong'ona za agogo aja, kapena mneneri wina akufuna ndalama kuti akuuzeni amene anachita, mutalikireni. Ndipo muwaganizire agogowo. Iwo anadzuka ali moyo, mdzukulu palibe. N'kutheka kuti mtolo umene mwasenza inu, iwonso ausenza, aliyense payekha, mukuopana kuyang'anana m'maso.

Za chinkhoswe zija ndi zimene zandikhudza kwambiri, ndipo ndikufuna mumve bwino: usiku umene munavina uja ndi chizindikiro chabwino kwambiri m'kalata yanu yonse. Anthu ambiri anamvapo kuti chisoni chili ndi masitepe asanu otsatizana, munthu n'kufika kumapeto, basi wachira. Maganizo amenewo anachokera pa kuphunzira anthu odwala amene akuyembekezera imfa yawo, ndipo ofedwa ambiri sayenda mu mzere wotero. Akatswiri awiri a ku Netherlands, Margaret Stroebe ndi Henk Schut, anafotokoza mu 1999 chimene ine ndimachiona tsiku ndi tsiku: munthu amene akupola amapita uku ndi uku. Nthawi ina ali m'chisoni, akulira, akukumbukira. Nthawi ina ali m'moyo, akugulitsa nanazi, akuseka nthabwala. Kenako wabwereranso. Kupita ndi kubwerera kumeneko ndiye kupola kwake. Amene amatidetsa nkhawa ndi amene wakanirira mbali imodzi, wongolira osapuma, kapena wongogwira ntchito osagwetsa msozi.

Inu mumadziwa bwino dengu la tiyi kuposa ine. Palibe amene amalibereka kuyambira m'mawa mpaka madzulo osalitula. Likadzaza mumapita nalo ku sikelo, mumatula, mumawongola msana, mwina n'kumwa madzi, kenako mumaberekanso. Kodi amene watula dengu pa sikelo wasiya ntchito? Pa chinkhoswe paja munatula kwa maola awiri kapena atatu. Mutafika kunyumba munaberekanso, ndipo linamveka lolemera kwambiri chifukwa msana unali utalawako kupepuka. Mumtima mwanu mwakhazikika pangano limene simunalinene ndi pakamwa, loti ndikasiya kuvutika ndiye kuti ndamusiya. Ululu wasanduka chingwe chokhacho chimene chikukulumikizani ndi iye. Ntchito yaikulu ya uphungu ndi kukuthandizani kupeza zingwe zina: nyimbo imene ankakonda, mmene ankatafunira nzimbe, mawu amene ankalakwitsa ali wamng'ono. Mwana wanu anakhala ndi moyo zaka 9. Panopa usiku umodzi waphimba zaka zonsezo, ndipo iye ndi wamkulu kuposa usiku umenewo.

Chimwemwe pa nthawi ngati ino sichibwera chokha. Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anthu amene amati dikirani, nthawi idzachiza. Munthu wovulala mtima akamadikira kuti ayambe wamva kufuna ndiye achite kanthu, akhoza kudikira zaka. Zimayenda mobwerera: umayamba kuchita, kufunako kumabwera pambuyo. Mizere timaunga mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Choncho sankhani zinthu ziwiri zazing'ono pa sabata zimene kale zinkakukomerani, muzipatse tsiku ndi nthawi, ndipo muzichite kaya mtima ukufuna kaya sukufuna. Ngati munkaimba kwayala kapena kupita ku Mvano, ku Dorika kapena ku mphakati, bwererani, ngakhale mukangokhala kumbuyo osatsegula pakamwa. Ngati munali mu banki mkhonde, pitani ngakhale ndi kandalama kochepa, chifukwa chimene mukufuna kumeneko ndi nkhope za anzanu. Kadimba ka masamba kuseri kwa nyumba, kumangitsa tsitsi, kukazinga chimanga ndi ana madzulo. Ulendo woyamba mwina simudzamva kalikonse, ngati kudya nsima uli ndi malungo. Pitirizani. Madzulo alionse, musanagone, tchulani kanthu kamodzi kamene sikanali koipa tsiku limenelo, ngakhale kakhale kakuti tiyi wa m'mawa anali ndi shuga wokwanira. Sindikuti muzinamizira kukondwa. Ndikuti maso amene azolowera kusakasaka zoopsa aphunzitsidwenso kuona zina.

Mukadzamva ng'oma za tchopa, kaya ndi ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe mu Okutobala kaya ndi pamudzi pomwepo, ndipo phazi likadzayamba kugunda lokha, musaliletse. Makolo athu ankadziwa kuti zina zimene zakhala m'thupi zimatuluka ndi thukuta, osati ndi mawu okha.

Pemphero ndi uphungu sizilimbana, monganso mmene munthu wothyoka mwendo amapemphera ali ndi pulasitala. Chimene ndimakana ndi chiphunzitso choti kulira nthawi yaitali n'kuchepa chikhulupiriro. Pa manda a Lazaro, Yesu analira, chonsecho akudziwa chimene ati achite.

Bambo a kunyumba sanasiye kumva. Anakula akuuzidwa kuti mwamuna salira, ndiye chisoni chawo chasowa khomo lotulukira, chalowera ku botolo. Mwinanso ali ndi mlandu wawowawo, woti ine bambo ndinalephera kupulumutsa mwana wanga, ndinalepheranso ngakhale kumupeza. Kachasu amagonetsa munthu msanga koma amadula tulo pakati pa usiku, ndipo m'mawa chisoni chimadzuka chitakula. Musayambe nkhaniyi ataledzera, ndiponso musayambe ndi mowawo. Abambo ambiri amamasuka manja akugwira ntchito, osati poyang'anana maso ndi maso. Tsiku lina muli kumunda awiri, mungonena kuti, bambo, ine ndamusowa mwana uja, kaya inu. Akakhala chete, musawakakamize, mawuwo alowa. Ngati pali ankhoswe kapena mkulu wa mpingo amene amamumvera, mupempheni aziwayendera. Koma kuchira kwanu kusadikire kwawo. Ndipo ngati mowawo wayamba kubweretsa nkhanza m'nyumba, imeneyo ndi nkhani ina yofunika kuitengera kwa ankhoswe ndi kupolisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, mosazengereza.

Anthu akamati muli ndi ana ena awiri, ndikudziwa kuti zimabaya, ngati kuti ana ndi mbale zoti ina ikasweka utenga ina. Koma anawo nawonso anataya mchemwali wawo, ndipo ana amaonera kwa akulu chimene chili chololedwa. Akaona kuti dzina lake silitchulidwa ndipo mayi saseka, amaphunzira kuti kukumbukira n'koletsedwa, kukondwanso n'koletsedwa. Ena amayamba kukodza pogona, ena kulephera kusukulu, ena kukhala ofatsa mopitirira muyeso kuti asakuwonjezereni mavuto. Auzeni zoona m'mawu a msinkhu wawo, kuti madzi anamutenga ndipo anamwalira, osati kuti anapita kutali, chifukwa mwana amadikira munthu amene wapita kutali. Akuoneni mukulira, akuoneninso mukupukuta misozi n'kuyamba kuphika.

Mvula isanayambe chaka chino, konzekeranitu. Gwirizanani ndi banja lonse kumene mungathawire madzi atabwera, sungani tochi ndi mapepala ofunika m'pulasitiki pamalo amodzi, muzimvera zanyengo pa wailesi. Mlonda uja amafatsako akadziwa kuti pali dongosolo. Usiku mvula ikayamba, dzukani, yatsani tochi, pondani pansi ndi mapazi onse awiri, pumani mochedwa muja, ndipo munene mokweza tsiku la lero ndi chaka chake, kuti thupi limve kuti uno si usiku uja. Sabata yachiwiri ya Malichi idzakhala yolemera chaka chilichonse. Musaiyembekezere muli nokha. Uzani achemwali anu kuti adzabwere kudzagona.

Ukwati wa mwana wa achemwali anuwo ukadzafika, mupite. Misozi ikadzabwera pakati pa perekaniperekani, mudzatuluke, mukaime kuseri kwa nyumba, mulire, musambe kumaso, ndipo mukafuna mubwerere m'bwalo.

Ndaona chinthu chimodzi m'kalata mwanu. Mwatchula Muloza, mwatchula Freddy, mwatchula zaka zake, koma dzina lake simunalembe paliponse. Sindikukupemphani kuti mundiuze ine. Madzulo ano, ana akamadya, mufunse wamkuluyo kuti, kodi ukukumbukira chimene ankakonda kuchita mchemwali wako, ndipo pofunsapo mumutchule dzina.